Kompuresa Inabwera Chogona

Mpaka tsiku limene ndikufuna kukuuzanili, panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale asisi anga amene timagona chipinda chimodzi. Firiji ya m'boti lija sindinkafuna kuti izizire. Ine mwana wa wokonza mafiriji, amene ndinakulira m'fungo la gasi, ndinkapita kudoko m'mawa nditanyamula chikwama cha zida, mumtima ndikupempha kuti ntchito ya bambo anga ikanike.

Sukulu ndinamaliza chaka chatha. Anzanga ena anapita kukoleji, ena kumabanja, ine ndinapita kuseri kwa mafiriji. Ababa ndi munthu wa mapewa aakulu ndi msana wovuta, ndiye paliponse pothina amalowetsapo ine. N'chifukwa chake amanditchula kuti Kambewa, ngakhale ndinakwanitsa kale zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Dzinali sindidana nalo. M'bowo safunsa mafunso, ndipo ine kuyankhula n'kumene kumandivuta. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, yankho ndinkalidziwa, koma linkathera pakhosi.

Botilo linali la matanga, loyera, lalitali. Mwini wake ndi bambo wina wa ndevu zaimvi amene amayenda ndi alendo maulendo a miyezi. Firiji yake si ngati ya kunyumba. Ndi bokosi lomangira m'khitchini momwemo, lotsegulira pamwamba, ndipo kompuresa, kainjini kakuda kamene kamapopa gasi kuti m'bokosimo muzizire, anakabisa pansi pa mpando, m'bowo loti munthu ulowe chokwawa, miyendo n'kutsala panja. Kompuresayo inali itafa. Popanda firiji boti silikananyamuka, chifukwa alendo sangadye zoola pakati pa madzi.

Pabotipo pankagwira ntchito mnyamata wina, mwana wa mlongo wawo wa eni akewo. Aliyense padoko amamutchula Chingwe, chifukwa sungamupeze alibe kachingwe m'manja, akumanga mfundo n'kumasula, akumanga n'kumasula.

Firiji ikazizira, boti linyamuka. Boti likanyamuka, Chingwe apita. Vuto langa lonse linali limeneli.

*

Tsiku loyamba ababa anandilowetsa m'bowomo kuti ndimasule kompuresa yakufayo. Munali mdima, kutentha ndi fungo la dizilo. Pakhoma la bowolo panali kachiboo kodutsa mapaipi, kotulukira kuchipinda china, ndipo Chingwe anauzidwa kuti akagone kumeneko azindiunikira ndi tochi. Ine ndinkangoona kuwala ndi nsonga za zala zake. Iye ankangoona manja anga ndi sipanala.

"Amakaniko, muli moyo m'menemo?"

"Ee."

"Mukafa munene msanga, ndizimitse tochi. Mabatire asathe pachabe."

Ndinaseka mpaka sipanala inandipulumuka. Ndinadabwa ndekha kumva kuseka kwanga.

Kuyambira pamenepo sanasiye kuyankhula. Anandiuza kuti mpaka lero mafunde akakula amasanza, koma amakasanzira kumbuyo kuti amalume ake asamuone. Anandiuza kuti matanga akadzaza mphepo boti limapendekeka, ndipo munthu umaphika mwendo umodzi utaponda pakhoma.

"Mukudziwa anthu amene ndimawasirira ine?" anatero. "Amene amaika kapu patebulo, n'kutuluka, pobwera n'kuipeza pomwepo."

Inenso, amene sindiyankhula, ndinayankhula. Ndinamuuza kuti ndimafuna kukaphunzira zamagetsi, koma ndimaopa kuwauza ababa, chifukwa ndikachoka m'mabowomu azilowetsa ndani? Sanaseke. Anangoti, "Manja amenewa akhoza," n'kusendeza tochi kuti iwale pamene ndinkafuna ndisanamuuze.

Nditamasula bawuti yomaliza ndinatuluka chafutambuyo, thukuta lili kamukamu. Iyenso anatulukira kwakeko. Tinakumana pamasitepe. Ndinayembekeza kuti anena china choseketsa.

Anayang'ana kachingwe kake.

"Zikomo," anatero.

"Zikomo," ndinatero.

Basi. Tsiku lotsatira, pamene tinkatsuka mapaipi akale, zinachitikanso chimodzimodzi. M'bowo, nkhani mpaka kukhosi kuuma. Panja, zikomo, zikomo. Koma padoko ndinkamumva akuseka ndi asodzi, akunyogodola alonda, mawu ake akufika kutali. Ndinayamba kuganiza kuti pabotipo pali a Chingwe awiri, kapena kuti nkhope yanga ili ndi vuto limene manja anga alibe.

Pobwerera kunyumba ababa anandiyang'ana cham'mbali.

"M'bowo muja mumakhala wailesi?"

"Ayi."

"Ndimangomva ngati muli pulogalamu." Anasintha chikwama phewa. "Anthu a pamadzi awa, moni ndi wokwanira. Kunyumba tili naye kale mwana mmodzi amene bambo ake akubwera ulendo wotsatira."

Asisi anakondana ndi mnyamata wa m'sitima yonyamula katundu, ndipo ponyamuka mnyamatayo ananenadi kuti abwera ulendo wotsatira. Mwana wawo tsopano amathamanga. Liwu loti "ababa" analitengera kwa ife, amaitanira agogo ake.

*

Kompuresa yatsopano inafika kusitolo ya masipeya madzulo ena, ndipo anagwirizana kuti Chingwe akaitenge m'mawa pa njinga yamoto. Nambala yanga anali nayo, chifukwa ababa mauthenga sawerenga, makasitomala onse amalembera ine. Ndinkatsuka mbale pamene foni inalira.

"Amakaniko, funso. Kompuresa yatsopano munthu akainyamula chogona chimachitika n'chiyani?"

Ndinapukuta manja pa siketi. Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Oyilo wake amathawira m'timapaipi. Musaigoneke. Iime ngati botolo."

"Nanga itagona mwangozi?"

"Ababa amaiimika tsiku lathunthu asanaikhudze. Chonde musaigoneke."

"Tsiku lathunthu?"

"Ee."

"Ndamva. Koma inuyo musaime ngati botolo. Mugone bwino."

Ndinawerenga mawu amenewo mpaka madzi a mbale anazizira.

"Ukuimwetulira foniyo yakutani?" Asisi anali ataima pakhomo la khitchini, mwana ali m'chiuno.

"Ndi za ntchito."

"Ehe. Inenso zanga zinayamba ndi za ntchito. Ntchito yake ndi iyi ikutafuna kolala yangayi."

"Asisi inu!"

"Sindinanene kanthu. Tsuka mbale, amakaniko."

Ndinazizidwa. Dzina limenelo analiona bwanji ali pakhomo? Asisi ali ndi maso owerenga foni ya munthu ngakhale ili m'thumba.

*

Dongosolo linali lakuti tiike kompuresa m'mawa, pofika madzulo firiji izizire, boti linyamuke kukacha. Amalume ake a Chingwe anali atayamba kale kulongeza makatoni a zakudya. Ine ndinakhala pamphepete pa doko, miyendo ili lendelende, ndikudziuza kuti munthu sungalire chifukwa cha tochi.

Njinga yamoto inamveka. Chingwe anali kutsogolo. Kumbuyo kwake kunali Namasipeya.

Limeneli ndi dzina limene asisi anamupatsa mwana wamkazi wa mwini sitolo ya masipeya. Tinali kalasi imodzi. Iye ndi uja amene ankakweza dzanja funso lisanathe, wamtali, wa zikhadabo zopaka, woseka ndi thupi lonse. Dzanja limodzi anali atagwira Chingwe m'chiuno. Linalo linagwira katoni ya kompuresa, imene inagona pamiyendo pake chopingasa, mivi yojambula pakatoniyo ikuloza kumadzi.

Ababa anaika sipanala pansi pang'onopang'ono.

"Mnyamata iwe. Mivi iyi ukuganiza kuti anajambula kuti katoni ikongole?"

"Pepani, bambo."

"Yagona kuchokera kuti?"

"Kuchokera kusitolo."

"Msewu wonse wa mabampu uja!" Ababa anaitenga katoniyo ngati akulanda mwana kwa woledzera, n'kuiimika pamthunzi. "Lero sindiigwira. Iime pompa mpaka mawa. Ndikaiwotcherera oyilo ali m'timapaipi, ifera pakati pa madzi, dzina loipa likhala langa."

Amalume ake a Chingwe anavula chipewa n'kudzimenya nacho pantchafu. "Mpaka mawa? Alendo anga ndiwauza kuti chiyani? Kuti firiji ikupumula? Iwe, mutu umenewu umangosungira tsitsi?"

"Ine ndinamuuza kuti tiiimike," Namasipeya anatero akutsika, akukonza siketi. "Iye akuti ayi, igone, uigwire ngati khanda. Ndiye ine ndikanatani? Ndinangoigwira ngati khanda." Anaseka, n'kumugunda Chingwe paphewa.

Ababa anatembenukira kwa ine. "Iwe sunamuuze?"

Foni inali m'thumba langa, ikutentha ngati ayironi.

"Anandiuza," Chingwe anayankha, maso ali pa kachingwe kake. "Ndine ndinaiwala."

Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono.

Sindinadziwe chimene ndinkamva. Tsiku limene ndinkapempha lija ndinali nditapatsidwa, ndiye ndinayenera kukondwa. Koma munthu angaiwale bwanji mawu amene ndinalemba n'kufufuta n'kulembanso? Kapena pamene dzanja lija linamugwira m'chiuno, zonse za ine zinagwera mumsewu?

*

Masana ababa anandituma kusitolo komweko kukagula timitengo towotcherera mapaipi. Njinga ija inali panja. Mkati, chitseko cha kaofesi ka kumbuyo chinali chosatseka bwino, ndipo ndinaona msana wa Chingwe. Anali atakhala moyang'anana ndi bambo ake a Namasipeya, manja ali pamaondo. Anavala shati yoyera, yosita. Sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi shati ya mabatani.

"Kambewa!" Namasipeya anatsamira pakauntala. "Watuluka m'bowo? Dzuwa silikukuwawa m'maso?"

"Ndikufuna timitengo towotcherera."

Anatitenga pashelefu mosafulumira, akuyang'ana kumene maso anga ankapita.

"Usamuone ngati wopusa," anatero motsitsa mawu. "Tsiku la leroli amalifuna yekha. Anali ndi zokambirana ndi adadi."

"Zokambirana zanji?"

Funsolo linatuluka lokha, ndinachita nalo manyazi.

"Aa, iwenso. Mnyamata akasita shati n'kupita kwa bambo ake a mtsikana, ukuganiza kuti akukambirana za mabawuti?" Anakulunga timitengoto m'pepala. "Uwauze ababa ako asafulumire nayo firijiyo. Ena tikadali naye ntchito."

Ndinatuluka osatsanzika. Panjira ndinadutsa khomo lathu, ndinazindikira ndili kale pa mpopi wa aneba.

Kunyumba asisi ankayanika zovala. Atangondiona nkhope anasiya ndowa. Sindinafotokoze, ndinangowapatsa foni. Anawerenga mauthenga aja, ine ndikuwonjezera za katoni, za shati, ndi mawu a Namasipeya, mawu anga akutuluka modukaduka.

"Iwe ndiwe wanzeru za m'mapaipi zokha," anatero. "Anafunsa dzulo kuti ikagona imatenga nthawi yaitali bwanji. Lero waigoneka. Kuiwala kwake kuli pati? Tsikuli wachita kulikonza yekha, n'kulolera kutukwanidwa padoko anthu akuona."

"Walikonzera ndani?"

"Apo ndiye usandifunse. Ine mayeso a anthu a pamadzi ndinalakwa, satifiketi yake ukuiona." Analoza mwana amene ankakoka thaulo pachingwe. Kenako nkhope yawo inasintha. Anafinya malaya amene anali atawafinya kale. "Koma ndikuuze chimodzi. Wanga uja sanachedwetsepo sitima ngakhale pang'ono. Tsiku lonyamuka ankafika padoko woyamba."

"Ndani wachedwetsa chiyani?"

Ababa anali pakona ya nyumba, akupukuta manja ndi kansanza. Sindikudziwa kuti anaima pamenepo kuyambira liti.

"Tikunena za mvula, ababa," asisi anatero.

"Mvula." Anayang'ana kumwamba kumene kunalibe mtambo, kenako anayang'ana ine. "Mawa tikamaliza ntchito ija, padoko supondanso. Ndipo ndikaona zimene ndinaziona kale m'nyumba muno, azakhali ako akhala akufuna munthu wowathandiza. Kumene kuja madzi amawaona mu ndowa basi."

*

M'mawa mwake kompuresa inali itaima tsiku lake lonse. Ndinalowa nayo m'bowo, n'kuimanga pamalo pake. Tochi anagwira ababa okha, atagwada movutikira, akubuula ndi msana. Chingwe anamutuma kukakwecha pamwamba pa boti. Ndinkamva burashi yake ikupita uku ndi uku pamwamba pa mutu wanga.

Nditawotcherera mapaipi, ababa analumikiza pampu yokoka mpweya ndi chinyontho. Pampu imeneyi imafuna nthawi, siifulumizitsidwa, ndipo imalira ngati njinga yakale. Msana unali utawakwana.

"Ukhale m'menemo uziyang'ana muvi wa geji yoyezera mpweyayi," anatero. "Muviwo ukabwerera m'mwamba, ndiye kuti penapake pakudontha. Ine ndikawongole msana pamtunda."

Mapazi awo anakwera masitepe. Burashi ija inasiya. Patapita kanthawi, kuwala kunalowa pakachiboo kaja.

"Amakaniko."

Sindinayankhe.

"Mwakwiya."

"Shati ija inakukhalani."

Tochi inagwedezeka. "Munandiona?"

"Munaigoneka dala?"

"Ee."

Ndinkayembekeza kuti akana.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndimafuna tsiku limodzi pamtunda. Ndikanawapempha amalume sakanalola."

"Ndinaona mmene munaligwiritsira ntchito."

"Ndinakapempha ntchito. Kusitolo kuja akufuna munthu woperekera katundu pa njinga. Andilola. Akuti ndiwayankhe lero." Anapuma. "Amalume ndawauza. Akuti firiji ikazizira ndinene, ndikwera kapena nditsala. Sandikakamiza."

Ndinayang'ana muvi wa geji. Unali phee pamalo pake. Ntchito yanga inalibe podontha, ndipo kanali koyamba kudana ndi manja anga.

"Namasipeya akuti munapita kwa bambo ake chifukwa cha iye."

"Iye ndi amene anandipemphera malowo. Akanapanda iye sakanandilandira."

"Ndiye mutsalira iyeyo."

"Sindinatero."

"Muzikhala naye sitolo imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akukugwirani m'chiuno pa njinga."

"Njinga ilibe pogwira pena."

"Ili napo! Kumbuyo kuli kachitsulo!"

Anaseka, koma ine sindinaseke. Ndinamva misozi ikubwera, ndipo m'bowo muja mulibe malo okwezera dzanja kuti upukute.

"Ngati si iyeyo, mutsalira ndani? Kapu ya patebulo ija?"

"Amakaniko, inu simukudziwa?"

"Sindikudziwa! M'bowo muno mumandiuza zonse. Panja mumandiuza zikomo ngati ndakupatsani chenje. Ndidziwe bwanji kuti weniweni ndi uti?"

Pampu inapitiriza kulira.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatuluka chafutambuyo, ndinagunda mutu pampando, ndinazungulira kuchipinda chinacho. Ndinamupeza atagona chafufumimba, nkhope ili pakachiboo, akuunikira malo amene ine ndinali nditachokapo. Anadzuka mwadzidzidzi. Tinaima moyang'anana, pafupi kwambiri, chifukwa m'boti mulibe patali.

"Nenani ndikukuonani," ndinatero.

Anatsegula pakamwa. Anayang'ana mwaye umene unali pamphumi panga, anayang'ana tochi, anaizimitsa, anaiyatsanso. Dzanja lake linapita m'thumba kukafuna kachingwe.

"Pampu," anatero. "Pampu ikulira bwino."

Ndikanamumenya ndi sipanala. Ndikanasekanso. Mwina ndikanachita zonse ziwiri, koma pamwamba panamveka nsapato za ababa, ndipo ndinathawira m'bowo mwanga ngati dzina langa.

*

Ababa anathira gasi, analumikiza mawaya, anayatsa. Kompuresa inanjenjemera kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza pansipansi, mosalala, ngati yosadziwa chimene ikuchita kwa anthu.

Ine ndi ababa tili ndi kachitidwe kathu. Firiji iliyonse imene takonza, sanyamula zida mpaka ine nditaika chikhatho pa chitsulo chozizira cha mkati n'kunena kuti, "Yazizira." Anayamba ndili wamng'ono, ankachita kundinyamula kuti ndifikire. Amati geji ikhoza kunama koma dzanja la Kambewa silinama. Makasitomala amaseka, koma iwo saseka.

Tinadikira m'kakhitchini kaja dzuwa likupendeka. Amalume ake anakhala pasitepe, chipewa chili pabondo. Chingwe anatsamira pakhoma. Ababa ankalongedza mawaya mwakachetechete, akuyang'ana ine, akuyang'ana iye. Kenako pamwamba panamveka nsapato za gogoda, ndipo mutu wa Namasipeya unasuzumira pakhomo.

"Odi m'botimo! Adadi andituma. Akuti yankho lija alifuna asanatseke sitolo." Anamwetulira Chingwe. "Ndawauza kuti ndikudziwa kale, koma akuti amve kwa mwini wake."

"Dikira, mwana wanga," amalume ake anatero. "Pali dongosolo. Mtsikanayu anene zake za firiji, kenako uyu anene zake." Mawu awo anali otopa. Ndinazindikira kuti iwonso sankafuna kumva yankho.

"Kambewa," ababa anatero. "Tayesa."

Ndinatsegula chivindikiro. Mpweya wozizira unandikhudza kumaso ndisanalowetse n'komwe dzanja. Pachitsulo panali patayera kale ndi chisanu chopyapyala. Ndinaikapo chikhatho.

Ndikanatha kunena kuti sinafike. Ababa akanakhulupirira dzanja langa, akanamasulanso zonse kufuna podontha, ndipo ndikanapeza tsiku lina. Koma tsiku limenelo ndikanalitani? Ndikanalowanso m'bowo, iye akanagwiranso tochi, ndipo panja tikanauzananso zikomo. Ndinasiya dzanja pamenepo mpaka linayamba kuwawa, mpaka zala zinachita dzanzi.

"Kambewa?"

"Yazizira."

Ababa anagwedeza mutu n'kugwira chivindikiro cha bokosi la zida. Amalume ake anatembenukira kwa Chingwe. Chingwe anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti palibe chimene chituluke, kapena atulutsanso za pampu zija.

"Koma iwe Chingwe sindikufuna kuti upite."

Ndinamva mawuwo ngati wanena ndi munthu wina. Ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe. Kachingwe kanagwa m'manja mwake.

Namasipeya anaomba m'manja. "Wamva? Ngakhale Kambewa akuvomereza. Tiye, adadi akudikira."

"Kusitolokonso sindikufuna kuti apite," ndinatero.

"Iii!" Namasipeya anatsika sitepe imodzi. "Ndiwe ndani iwe, amayi ake?"

Amalume ake anayamba kuseka, kuseka kwa m'mimba, ndevu zikugwedezeka. "Pamadzi ayi, pamtunda ayi. Nanga timuike kuti, mwana wanga? M'firijimu?"

Ababa sanaseke. Anatseka bokosi la zida, zotsekera zake zikulira kha, kha, ndipo kuseka konse kunatha.

"Kambewa, tandiyang'ana."

Maso anga ankafuna bowo lija. Linali pomwepo pafupi ndi mapazi anga, lamdima, lotseguka.

"Ndati undiyang'ane. Ukuti chiyani? Uganize bwino usanayankhe. Yankho lako likakhala limene ndikuganizali, mawa lomwe ukwera basi wa kwa azakhali ako."

Dzanja langa linkawawabe ndi kuzizira. Ndinalifumbata, ndinadzutsa mutu. Ndinayang'ana Chingwe, amene kanali koyamba kundiyang'ana kumaso osathawa, kenako ndinayang'ana bambo anga.

"Kumene mungamuike sindikudziwa, ababa. Zambiri sindikuzidziwa. Koma firiji iyi, kuyambira tsiku loyamba lija, sindimafuna kuti izizire." Mawu anafika pakhosi paja pamene amathera nthawi zonse, ndipo ndinawakankha. "Ndimamukonda."